Ndinabwera kudzafuna ofesi, ndinakathera padenga

Atandiuza kuti ndilankhule lero ndinayamba ndakana, chifukwa ndinkaganiza kuti woyenera kuima pano ndi munthu amene anapeza ntchito. Ine ntchito imene ndinabwerera mu Lilongwe muno sindinaipeze mpaka lero. Ndinapeza china, ndipo ndi chimenecho ndikufuna ndikufotokozereni, makamaka inu amene mwangofika kumene m'tauni ndipo mukadali kuyenda ndi maenvelopu a khaki kukhwapa.

Kwathu ndi ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu. Ndinalemba MSCE mu 2022 ndipo ndinapeza mapointi 26. Kumudzi amayi anaimba nthungululu, koma mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma atatuluka, langa munalibe. Ndinakhala chaka chathunthu ndikuthandiza kudimba. Mu Januwale 2024 bambo anagulitsa matumba awiri a kachewere, n'kundikweza basi kuti ndidzakhale ndi azakhali ku Area 25. Ponditsanzika anangonena mawu amodzi: "Ukapeze ya mu ofesi mwana wanga, sukulu ija ioneke." Mawu amenewa ndinawanyamula ngati mtolo wa nkhuni.

Mukukumbukira mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Kwacha anali atangoitsitsa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye chilichonse chinali chitakwera, kuyambira sopo mpaka fotokope. Ine ndinkadzuka m'mamawa, kusita siketi imodzimodziyo, n'kuyamba wapansi kupita ku Kanengo. Tsiku lina City Centre, tsiku lina Old Town. Ndinkalemba m'kope kulikonse kumene ndasiya kalata, ndipo pofika Epulo anali atakwana malo 31. Ambiri mwa makalatawo sanadutse ndi pageti pomwe. Mlonda amangoti, "Siyani pompo achemwali, adzakuimbirani." Foni ija ndinkagona nayo kumutu, koma oimba anali amayi okha, kufunsa ngati zatheka.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo anthu ambiri, koma ndichinena chifukwa ena a inu chikubwererani. Pa gulu lina la WhatsApp panabwera uthenga woti akufuna mtsikana wolandira alendo pa ofesi, wa MSCE yokha, ngakhale sanagwirepo ntchito. Nditaimba anandiyankha mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti nditumize K15,000 ya fomu ndi yunifomu. Ndalamayo anandipatsa ndi azakhali, kuchotsa pa mpamba wawo wa mafirizi. Nditangotumiza, nambala ija inasiya kupezeka. Azakhali sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Basi, waphunzira." Usiku umenewo nsima inandikanika. Abale, malo aliwonse amene akuti muyambe mwalipira kuti akulembeni ntchito, thawani. Wofuna wantchito ndi amene amalipira, osati inu.

Tsopano pakhomo pa azakhali panali kasola kakang'ono kowunikira magetsi akazima, panelo imodzi padenga ndi batire pansi pa tebulo. Batire imeneyo inafa, ndipo inali yachiwiri kufa m'chaka chimodzi. Azakhali anaitana bambo ena a kutchalitchi kwathu, mmisiri wa zamagetsi, munthu wachikulire ndithu. Poti ine ndi amene ndinali pakhomo wopanda chochita, anandiuza kuti ndiwagwirire makwerero. Atakwera anaseka, n'kundiitana: "Mtsikana iwe, sukulu unafika nayo pati? Tandiuza, dziko lathu lino lili mbali iti ya ikweta?" Ndinati kumwera. "Nanga panelo iyenera kuyang'ana kuti?" Ndinaima kaye, kenako ndinati kumpoto. Yathu ija inkayang'ana kumwera, komanso masana onse nthambi ya mango inkaiphimba. Atatsika anandionetsa vuto lachiwiri. Waya wochokera kupanelo ankangolowa mu batire mwachindunji, popanda kontirola, kabokosi kaja koletsa batire kudzaza mopitirira kapena kutheratu. Vuto lachitatu, batireyo inali ya galimoto. Ya galimoto anaipanga kuti ipereke mphamvu yambiri kwa kamphindi poliza injini. Mukamaikama usiku uliwonse mpaka kuuma, siichedwa kufa.

Ine kusukulu Physics ndinkaikonda, ndinapeza 3, koma ndinkaitenga ngati chinthu cholembera mayeso basi. Tsiku limenelo bambo aja anandipatsa samu. Anati mababu 4 a mawati 5 akuyaka maola 5, TV ya mawati 40 maola 4, kuphatikizapo kutchaja mafoni, zonse pamodzi zikudya zingati patsiku? Pepala lapafupi linali kalata yofunsira ntchito imene ndinali ndisanakasiye. Ndinaitembenuza n'kuyamba kuwerengera kuseri kwake. Mababu 100, TV 160, mafoni tingoti 30, zonse pafupifupi 300. Kenako batire. Ya mavolti 12 yolembedwa 100Ah imasunga 1,200, koma mtundu wamba uja suyenera kutsika kupitirira theka, ndiye zanu zenizeni ndi 600. Panelo ya mawati 100, pa dzuwa lamphamvu la maola ngati 5, papepala imapereka 500, koma fumbi, kutentha ndi mawaya zimadyako, ndiye muziyembekezera zocheperapo. Nditamaliza ndinaona kuti dzuwa lapendeka, ndiwo sindinaphike, ndipo kwa maola atatu foni ija sindinaiyang'aneko ngakhale kamodzi. Chibwerereni mu Lilongwe zimenezi zinali zisanandichitikirepo.

M'mawa mwake ndinapita kunyumba kwawo kukawapempha kuti ndiziwatsatira. Anandiuza mosabisa: "Malipiro ndilibe. Thiransipoti ndi chakudya chamasana ndiye ndikhoza." Azakhali sanakondwe msanga. Ankati, "Iwe, mwana wamkazi padenga, anthu aziti chiyani? Nanga abambo ako ndikawauza chiyani?" Tinagwirizana kuti masiku atatu pasabata ndizipitabe kosiya makalata, masiku awiri ndizipita ndi amisiri. Patangotha miyezi iwiri masiku aja anali atasinthana okha.

Musaganize kuti zinali zokoma zokhazokha ayi. Malata a mwezi wa Okutobala amawotcha mpaka kudutsa m'nsapato. Tikafika pakhomo pa munthu, ena ankafunsa pamaso panga pomwe, "Abwana, mnyamata wanu uja ali kuti lero?" Ndipo ndinalakwitsapo zodula. Tsiku lina ku Mitundu, pa golosale ya munthu, amisiri anandisiyira kuti ndilumikize ndekha iwo akukagula waya. Lamulo lake ndi lakuti kontirola uyambe waipatsa batire, panelo ibwere pambuyo, ndipo waya wofiira ndi wakuda asasinthane malo. Ine chifukwa chofuna kuonetsa changu ndinayamba ndi panelo, n'kusinthanitsanso mawaya a batire. Ndinangomva kafungo. Kontirola yatsopano, ya eni ake, inapsa. Amisiri atabwera sanalankhule pamaso pa kasitomala, anagula ina ndi ndalama zawo. Tili mu minibasi pobwerera ndi pamene anati, "Imeneyi ubweza, pang'onopang'ono. Koma Lachinayi ubwerenso." Ndinaibweza miyezi itatu, ndi ndalama zogulitsa mafirizi a azakhali pa sitandi. Chodabwitsa n'chakuti usiku wa tsiku limenelo sindinaganizepo zosiya. Ndinkangofuna kumvetsa chimene chapsa m'katimo. Pamene anthu a yunifomu aja atandibera ndinkafuna kungolongedza n'kubwerera kumudzi.

Mwina wina akufunsa ngati ntchito imeneyi ili ndi tsogolo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkawunikira magetsi. Ambiri mwa enawo ankadalira tochi, makandulo ndi timasola. Pitani ku Mponela, ku Nsundwe, ku Lumbadzi, muone mapanelo pamadenga a mabarbershop, mavidiyo sho ndi nyumba za aphunzitsi. Ambiri anaikidwa ngati mmene inaikidwira ya azakhali ija. Komanso pamsika pali katundu wabodza wambiri. Mupeza panelo yaing'ono ngati thireyi koma kumbuyo alembako mawati 200, munthu n'kugula ndi ndalama ya soya ya chaka chonse. Amene akudziwa kuyeza ndi kuwerengera, anthu amamufuna. Kulemera sindinganene, ine ndikadabwerekabe pulayala. Koma foni yanga pano imalira, ndipo si amayi okha.

Amisiri aja ndi amenenso anandikankha kuti ndibwerere kusukulu. Anati, "Ine ndikuphunzitsa manja, koma pepala ndilibe loti ndikupatse." Anandifotokozera kuti munthu sangamangolowetsa mawaya a magetsi m'nyumba za anthu popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimachokera ku MERA, bungwe loyang'anira zamphamvu zamagetsi ndi mafuta. Ndiye ndinayamba kutsata za TEVETA. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo limalengeza malo a maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji monga Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 kulinso makoleji a m'madera m'maboma ambiri. Ine zaka zinayi zonse za kusekondale palibe anandiuzapo bwinobwino za njira imeneyi. Tinkangoimva ngati kopita olephera, n'kumaseka. Ndinalembera, ananditenga, ndipo pano ndili chaka choyamba cha zamagetsi. M'kalasi mwathu atsikana tilimo owerengeka, koma tilimo.

Nkhani yovuta ndi ya bambo anga. Nditawauza pafoni anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinalipira fizi zaka zinayi kuti uzikakwera madenga a anthu?" Ndinalira, sindinama. Ndipo sindiwaimba mlandu. Iwo moyo wawo wonse agwira ntchito padzuwa, ndiye chimene ankalakalaka n'chakuti mwana wawo mmodzi yekha akhale pamthunzi. Mpaka lero akamalankhula ndi azakhali amafunsa ngati "kwapezeka china". Nkhaniyi sinathe, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti inatha bwino. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumudzi kuli panelo imene inasiya kugwira ntchito kalekale, ndipo holide ikubwerayi ndikupita ndi zida zanga.

Sindikunena kuti nonse mukhale a zamagetsi. Ena a inu ya mu ofesi mudzaipeza ndithu, ena mukuyenera kubwereza MSCE kuti mutsitse mapointi, ndipo zimenezo n'zabwino. Chimene ndikudandaula ine ndi miyezi ija imene ndinkaona ngati kufuna ntchito ndi kusiya envelopu pageti basi. Ukakhala mlendo m'tauni sudziwa aliyense wa mu ofesi, koma m'dera lako lomwelo muli telala, muli wowotcherera zitsulo, muli makaniko, wokonza mafoni, wofesa mitengo, mayi wophika makeke a ukwati. Ambiri mwa anthu amenewa ali ndi ntchito yoposa manja awo, ndipo palibe amawapempha kuti aphunzire. Patulani tsiku limodzi kapena awiri pasabata mukaime pafupi ndi mmodzi wa iwo. Muuzeni wa kunyumba kumene mukupita, makamaka atsikanafe, ndipo sankhani munthu wodziwika m'deramo. Mugwirizane poyera za thiransipoti ndi chakudya kuti pasadzakhale kudyerana masuku pamutu. Mukaona kuti tsiku likutalika ndipo mukungoyang'ana nthawi, si yanu imeneyo, yesani ina, simunataye kanthu. Mnzathu wina muno anayesa utelala sabata ziwiri n'kuthawa, pano ali ku garaja ndipo sakamba zina koma mainjini. Dzina sinditchula, mukumuona akusekayo.

A wapampando andilola kuti Loweruka likubwerali ndibwere ndi mita yoyezera magetsi, ndabwereka kwa amisiri. Amene kwanu kuli batire yosachedwa kutha, kapena panelo imene mukuikayikira, mubwere nazo tidzayeze limodzi. Ngati n'zolemera, jambulani kapepala kakumbuyo kwa panelo ndi kapabatire, mulembenso zinthu zonse zimene mumayatsa ndi maola ake, samu ija tidzapangira pompano. Ndikufunanso anthu awiri odzandithandiza kutembenuza panelo ya pa holo ino, chifukwa ndaiona polowa, nayonso ikuyang'ana kolakwika. Atsikana amene mukufuna kukwera nawo, mudzavale thalauza ndi nsapato zotseka.