Batire la Ndudu Yamagetsi: Moto Uli M'thumba



Ndudu zina zamagetsi zimayendera batire la lithium lotchedwa 18650, lomwe limapezekanso m'matochi ena. Batireli likatentha mopitirira muyeso limaphulika. Choncho pogula, yang'anitsitsani pulasitiki yolikuta. Ngati yang'ambika, kapena batirelo latupa, lisiyeni. Losadziŵika wolipanga musagule, ngakhale litatsika mtengo chotani.

Musaliike m'thumba pamodzi ndi makobidi kapena makiyi, pakuti chitsulo chikalumikiza nsonga zake ziŵiri, moto umabuka pantchafu panu pomwepo. Dzuŵa la Okutobala kunyanja kuno nloopsa, ndiye musalisiye pamchenga kapena m'bwato. Likanyowa, musalitchajenso.

Tsalani bwino.