Tilembe Maina a Mbumba Zathu



Pa Numeri 27 tiwerenga za ana akazi asanu a Tselofekadi. Atate wao anamwalira opanda mwana wamwamuna, koma anawo analandira cholowa chao, pakuti makolo ao anadziwika kufikira kwa Manase mwana wa Yosefe.

Nanga ife? Kwathu kuno munda umatsata mbumba. Koma agogo amene adziwa kuti uje anabwera chikamwini, uje anapita kuchitengwa, alikutha. Akatisiya, milandu ya minda imabuka, abale nadana pa maliro pomwe.

Chifukwa chake tipemphe abusa atitsegulire mabuku akale a ukwati ndi a ubatizo. M'menemo muli maina a makolo athu, midzi yao ndi mboni zao. Zotsala tifunse agogo, ndipo tilembe m'kope dzina, mfunda, mudzi ndi ankhoswe a banja lililonse.

Lamulo la 2011 la chuma cha masiye liteteza mkazi ndi ana, ndipo kuwalanda chuma ndi mlandu. Koma mwana wosadziwa agogo ake adzayankha chiani pa bwalo la mfumu?

Amai, tiyambe sabata yomwe ino. Ambuye akudalitseni nonse.