Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wogawa Maneti ku Kafue Estates



Ife a ku Kafue sitichita kuuzidwa za udzudzu. Mtsinje uli pakhomo, madambo a Kafue Flats ali pomwepa, ndipo mvula ikangoyamba mu Novembala, madzi amaima m'ngalande muno mu Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound. Nyumba zino anamangira anthu ogwira ntchito ku Nitrogen Chemicals ndi ku Kafue Textiles, nthawi imene malipiro ankabwera mwezi ndi mwezi. Lero mwana akatentha thupi pakati pa usiku, ndalama ya takisi imachoka pa mpamba wa mayi wogulitsa tomato, ndipo mawa lake mayiyo sapita kumsika.

N'chifukwa chake ndikufuna tikambe za ndalama. Neti imodzi yonyikidwa m'mankhwala, ikagulidwa pamodzi ndi zina zambirimbiri, mtengo wake ndi pafupifupi madola 2 a ku America. Imafunditsa anthu awiri, ndipo yosamalidwa bwino imatha kufika zaka zitatu. Kafukufuku wa m'maiko angapo a mu Africa anapeza kuti pa ana 1,000 ogona m'neti, ana oposa asanu amapulumuka ku imfa chaka chilichonse. Akatswiri anawerengeranso kuti kuyambira 2000 mpaka 2015, Africa inapewa matenda a malungo okwana 663 miliyoni, ndipo magawo 68 pa 100 alionse a chipambanochi anali a maneti. Ndiuzeni, ndi chiyani china chimene boma lingagule ndi ndalama yochepa chonchi n'kupulumutsa ana ochuluka chotere?

Ena amati chaulere sichisamalidwa, anthu azilipirako pang'ono. Ine ndikukana. Ku Kenya akatswiri anayesa zimenezi pa amayi oyembekezera a kusikelo: atangoikapo kamtengo kochepa, ambiri anabwerera kwawo opanda neti, pomwe olandira ulere ankagonamo mofanana ndi ogulawo. Mu 2007 bungwe la WHO linalangiza kuti maneti azigawidwa kwa onse, ulere kapena pamtengo wotsikitsitsa. Wosauka ndiye amalumidwa kwambiri, ndipo ndi yemweyo amene amabwerera pakhomo pa chipatala akamva za ndalama.

Komabe yaulere kwa inu, wina analipira. Kwa zaka zambiri maneti athu ochuluka agulidwa ndi Global Fund, boma la America kudzera m'ndondomeko yake yolimbana ndi malungo ya PMI, ndi Against Malaria Foundation. Tikuwathokoza ndi mtima wonse. Koma 2025 inatitsegula maso. Thandizo la America linagwedezeka padziko lonse, ndipo mu Meyi kazembe wawo ku Lusaka analengeza zodula madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala. Zimenezi zinandipweteka, pakuti wakubayo amaba moyo wa mwana wa mnansi wake. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka magawo 15 pa 100 alionse a bajeti ku zaumoyo, ndipo mu 2019 Zambia inakhazikitsa End Malaria Council kuti ndalama zina zizipezeka konkuno. Ndikupempha aphungu athu kuti ndalama ya maneti ilembedwe m'bajeti chaka ndi chaka, makamaka tsopano pamene udzudzu wayamba kupirira mankhwala akale ndipo maneti atsopano a mankhwala awiri ndi okwererako mtengo. Makampani a muno m'Kafue, nanunso ikanipo dzanja. Wantchito wodwala malungo sayendetsa makina.

Abale anga asodzi a ku Chanyanya, ndikudziwa kuti njala siidikira. Koma neti iyi ikalowa mumtsinje imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ana anu n'kugona pamtunda kwa udzudzu. Isatchingenso dimba kapena khola la nkhuku. Mukailandira, iyanikeni pamthunzi tsiku limodzi musanaipachike. Muziichapa mwa apo ndi apo ndi sopo wamba, ndipo ikang'ambika isokeni. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ayambe ndiwo kugonamo, usiku uliwonse, ngakhale m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti ntchito yogawa maneti yatsegulidwa. Anamwino, yambani ndi amayi apakati amene akhala kutsogoloku.