Mpata wa Fort Lister: Njira Imene Inatulutsa ndi Kulowetsa Anthu



Munthu akaima pa phiri la Chiradzulu kunja kutayera, nayang'ana kum'mawa kupyola chigwa cha Phalombe, amaona mapiri awiri oyandikana. Lalikulu ndi Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002; linalo ndi Mchese, kumpoto kwake. Pakati pawo pali mpata wotchedwa Fort Lister. Woyenda pansi wofuna kupita kum'mawa ankapulumutsa masiku akadzera pamenepo, m'malo mozungulira mapiri onsewo.

Kufupika kwa njirayi ndiko kunaisandutsa njira ya misozi. M'zaka za m'ma 1800, magulu a amalonda ankadutsa pampatapo ndi minyanga ya njovu ndiponso akapolo omangidwa m'magoli, kulunjika kudoko la Quelimane. Pobwerera ankasenza nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Dera lino linaidziwa bwino nkhanzayi, pakuti amishoni amene anakhazikika ku Magomero mu 1861 anayamba ntchito yawo ndi anthu omasulidwa m'magoli.

Mu 1893, boma la Harry Johnston linamanga linga pampatapo kuti litseke njirayo, ndipo dzina la lingalo ndilo linakhala dzina la malowo. Mfumu Matipwiri, imene inali ndi mphamvu pa njira za kuderalo, inagonjetsedwa mu 1895.

Malonda a anthu atatha, mapazi anatembenuka. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique, pothawa njala ndi ulamuliro wowawa wa Apwitikizi, analowa m'dziko muno kudzera m'chigawo chomwechi. Anawoloka chigwa cha Phalombe nakhazikika ku Chiradzulu, Thyolo ndi Zomba, ndipo ambiri anagwira thangata m'minda ya azungu, monga ya Bruce ku Magomero.

Kenaka maulendo anasintha. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, katundu wa kunja anayamba kuyenda cha kummwera, ndipo misewu ikuluikulu inazungulira mapiri. Lingalo linasiyidwa, lero kwatsala mabwinja ndi manda, ndi msewu wochokera ku Phalombe kupita ku Nkhulambe.

Mu 2011, Malawi anapereka malowa ku UNESCO pamodzi ndi njira zina za akapolo, kuti adzaganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Koma kalata yokha siisunga mbiri. Okalamba amene anamva za ulendowo kwa makolo awo akutha, ndipo ana ambiri a sukulu za ku Chiradzulu amaliona phirilo tsiku ndi tsiku osadziwa chimene chinadutsa pamenepo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ntchito imene ili pamaso pa bungweli ndi kulemba zimene okalambawo akukumbukira, ndi kutengera anawo ku mpatawo kuti akauponde okha.