Kupirira si Kupinda Manja: Phunziro la Nyanja ya Malombe

Chidule cha khutuba ya Lachisanu yoperekedwa kwa Kalembo

Tikuyamika Allah (S.W.T) amene watisonkhanitsa m'nyumba yake pa tsiku lodalitsika ili, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ife a kuno kwa Kalembo moyo wathu wamangika pa nthaka, pa mtsinje wa Shire ndi pa nyanja ya Malombe. Nsomba zikasowa ku doko, mayi wogulitsa pa Ulongwe alibe malonda, mwana alibe ndiwo, ndipo ngakhale mphunzitsi wa madrasa salandira kanthu. Tawona namondwe wa Freddy mu 2023 ndi chilala mu 2024. Mayesero akabwera timauzana kuti tichite sabr, ndipo n'zoona. Koma kodi sabr n'kungokhala pansi kudikira?

Mbiri ya Malombe ikutiyankha. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri kotero kuti Shire anasiya kuyenda, Malombe n'kuphwa. Makolo sanathawe dziko. Anapachika makoka, natenga makasu, nalima pamene kale pankayenda mabwato. Madzi atabwerera, nawonso anabwerera ku usodzi, ndipo chambo anamupeza. Tsoka lochokera ku chilengedwe linadutsa, nyanja n'kuchira.

Tsoka lachiwiri tinalipanga ndi manja athu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Malombe ankatulutsa chambo chokwana matani zikwizikwi pa chaka. Patangotha zaka 10 sichinkafikanso ndi matani 1,000 omwe. Makoka a maso ang'onoang'ono, monga nkacha, anakolola chambo chisanaswe, nazula udzu wa pansi pa madzi momwe tiana ta nsomba timabisala. Chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Wogwira mayi mmodzi pa nyengo yoswana wapha banja lonse. Mpaka lero chambo sichinabwererenso mmene chinalili, tikudalira kambuzi. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Ar-Rum, inatichenjeza kale za kuwonongeka kotere kochokera ku ntchito za anthu.

Tsono tiyang'ane kwa anansi athu a ku nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Mu 1995 nsomba zotsala zinathawira m'maiwe a mitsinje monga Domasi ndi Likangala. Mafumu, asodzi ndi a boma anagwirizana zoteteza maiwe amenewa, ngakhale anthu anali pa njala. Madzi atadzaza, matemba anachulukanso. Kusiyana kwake n'kumeneku: nyanja imachira ngati mbewu yasiyidwa.

Umu ndi mmene anachitira Mneneri Yusuf (A.S). Atadziwa kuti kukubwera zaka 7 za zokolola zambiri ndi zina 7 za chilala, sanangouza anthu a ku Iguputo kuti apirire. Anakonza zoti asunge tirigu m'ngala zake, adye pang'ono, ndipo dziko linapulumuka. Nayenso Mtumiki (S.A.W) anapatula malo otchedwa An-Naqi', kufupi ndi Madina, kukhala hima, malo otetezedwa msipu wake. Choncho kutseka nyanja pa nyengo yoswana ndi kupatula malo oswanirana nsomba si nzeru yachilendo kwa Msilamu.

Kuyambira mu 1993 pa Malombe panakhazikitsidwa makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba. Koma komiti ndi anthu. Wolandira chiphuphu kuti khoka loletsedwa lilowe usiku waphwanya amana, ndipo wopereka chiphuphucho ali naye limodzi m'tchimo. Neti imene tinalandira kuti ititeteze ku malungo, tikaisoka kukhala khoka, tachimwira ana athu kawiri.

Tisaiwalenso kuti ambiri ophwanya lamulo amakankhidwa ndi njala. Mnyamata wokoka khoka la bwana alibe nkhokwe. Pamenepa ndi pamene zakaat ndi sadaka ziyenera kugwira ntchito: makomiti a mizikiti alembe mabanja amene amavutika nyanja ikatsekedwa, ndipo eni makoka asataye antchito awo pa miyezi imeneyi. Mutu umodzi susenza denga.

Pakhomo paliponse tisadalire chinthu chimodzi. Pambali pa chimanga pakhale chinangwa, mbatata, mapira ndi nandolo, zimene zimapirira mvula ikadula. Pakhale mbuzi ndi dimba. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje tisaiwotche makala, pakuti dothi lokokoloka limakwirira pamene nsomba zimaswanirana. Ana apite kusukulu ndi ku madrasa, kuti mawa bwato lisakhale ntchito yokhayo imene akuidziwa.

Abale olemekezeka, Allah anatiika kukhala akhalifa pa dziko, ndipo tidzafunsidwa za madzi awa. Timupemphe atipatse mvula ya madalitso, atikhululukire pamene tawononga, ndipo atipatse mtima wosiyira ana athu mbewu. Ameen.