Mau Anai, Nyimbo Imodzi: Zomwe Mnzathu Anayankhula pa Msonkhano wa Pachaka



Mukuikumbukira kwaya yathu ija? Soprano akayamba, alto ankalowa pansi pake, tenala ndi besi n'kumayala kumbuyo. Zonsezi tinkaphunzira ndi khutu, palibe anazilemba. Mwezi watha pamaliro ku Golomoti tinaimba nyimbo ina popanda alto, chifukwa mai amene ankaidziwa bwino ndiwo tinkawaperekeza kumanda.

Choncho ndikupempha kuti bungwe lathu likonze tsamba la pa intaneti. Nyimbo iliyonse tijambule mau ake anai paokhapaokha. Mwana akadina tenala pa foni, amve tenala yekha mpaka aigwire. Akadina onse, amve m'mene amalukirana. Tsambalo likhale lopepuka, losadya bandulo, kuti wa ku Mtakataka naye alitsegule.

Hugh Tracey anajambula nyimbo m'dziko muno mu 1950 ndi 1958, koma zikusungidwa kutali, ku Rhodes University ku South Africa. Pa Mua pompa, Kungoni imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 yasunga magule ndi zosema. Ife tisunge mau.

Tiyambe ndi achikulire, atavomera okha, tisanakumanenso pamaliro ena.