Makala Obwezeretsa Chonde M'nthaka

Tikamva za makala timaganiza za mitengo yodulidwa ndi mapiri oyera. Lero tikambirane za makala ena, ochokera ku zinyalala, amene amakwiriridwa m'munda.

Mafuta ambiri ophikira amafinyidwa ku zipatso za mtundu wina wa kanjedza. Mitengoyi imalimidwa kwambiri ku Indonesia ndi ku Malaysia, ndipo ku Karonga iliponso. Akafinya mafuta, pamatsala milu ya mikoko ndi zigoba. Ena kumaikoko amaziumitsa ndi kuziotcha mumgolo wolowa mpweya pang'ono, kuti zisanduke makala osati phulusa. Kenaka amawasinja, nawasakaniza ndi manyowa, nadikira masabata angapo. Opanda manyowa, makalawo amayamba alanda chakudya cha mbeu. Timabowo tao timasunga madzi ndi chakudyacho, ndipo saola msanga: amakhala m'nthaka zaka zambirimbiri.

Nanga ife? Feteleza watikwerera mtengo, koma zitsononkho, makoko a mtedza ndi mankhusu a mpunga timangozitentha. Chaka chino tiyese nzeru imeneyi pa mizere iwiri yokha, osadula mtengo ngakhale umodzi. Pokolola tidzafananize ndi mizere inayo.